Thanki ya nsomba zokongoletsa: madzi kaye, nsomba pambuyo

Pa Lizulu nsomba imadziwika ili youma. Usipa, utaka ndi matemba zimafika m'madengu n'kuikidwa m'milu pafupi ndi kachewere, kabichi, karoti ndi tomato zimene zimaimitsa magalimoto a pa msewu wa M1. Chonsecho nyanja siili kutali. Pa Masasa, kufupi ndi Lizulu, pali msewu wotsika ku Golomoti kudzera pa Khwekhwerere, ndipo kumusi kwakeko kuli nsomba zina zimene mtengo wake umadalira kuti zikhale zamoyo. Izi ndi nsomba zokongoletsa, zowetera m'thanki yagalasi imene ena amaitcha aquarium.

Mathanki oterewa amapezeka m'mahotela, m'malesitilanti ndi m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Wamalonda wa pa Lizulu akaona imodzi akhoza kuganiza zinthu ziwiri: kuika yake pamalo ake odyera kapena ogona alendo kuti ikope apaulendo, kapena kumaweta nsombazo n'kumagulitsa. Zonse ziwiri n'zotheka. Koma ambiri amene amayesa amataya mpamba m'mwezi woyamba, chifukwa amayamba ndi chinthu chimene chimafunika kukhala chomaliza, kugula nsomba.

Msika wake ndi wakale

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi. Ya gulu la chambo, utaka ndi mbuna yokha imaposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. Mbuna ndi dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo ndi tinsomba ta m'miyala tamawanga a buluu, achikasu ndi ofiirira. Dzinalo lero limadziwika m'masitolo a nsomba ku Germany, ku Britain, ku America ndi ku Japan.

Amene anatchukitsa malonda amenewa ndi Stuart Grant, yemwe anayamba kutumiza kunja nsomba zamoyo m'zaka za m'ma 1970 ndipo anakhazikika pa Kambiri, ku Senga Bay m'boma la Salima. Iye anamwalira mu 2007 koma ntchitoyo inapitirira. Anthu odziwa kumira amagwira nsombazo ndi timaukonde, za pansi kwambiri n'kumazikweza pang'onopang'ono kuti zisatupe. Kenako zimasungidwa m'mathanki, n'kuikidwa m'mapulasitiki okhala ndi madzi ndi mpweya, ulendo wa pandege.

Wamalonda wamng'ono sangapikisane ndi ntchito yotere, ndiponso nsomba zambiri za ku Malawi zimene zimagulitsidwa kunja masiku ano zimaswedwa m'mafamu a ku Florida, ku Czech Republic ndi ku Asia. Phunziro lake ndi lina: pamalonda awa ndalama zambiri zimapita ku madzi, mpweya ndi chisamaliro. Nsombayo payokha ndi gawo laling'ono.

Thanki ndi poikhazika

Woyamba kumene amakonda kathanki kakang'ono poganiza kuti n'kosavuta. Zoona zake n'zakuti madzi ochepa amazizira msanga ndipo amada msanga. Thanki yoyambira yabwino ndi ya malita pafupifupi 100. Kuwerengera kwake n'kosavuta: kutalika, kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsa ndi msinkhu, zonse m'masentimita, n'kugawa ndi 1,000. Thanki ya 80 ndi 35 ndi 40 imalowa malita 112, kutanthauza ndowa za malita 20 zisanu ndi theka.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Kuphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, thanki imeneyi imafika cha m'ma 150 kilogalamu, ngati matumba atatu a feteleza. Shelefu ya m'golosale kapena benchi yogulitsirapo tomato singasenze zimenezo. Pamafunika tebulo lachitsulo kapena la matabwa olimba, lokhala molingana mbali zonse, ndipo pansi pa galasi aikepo chofewa monga chipepala cha styrofoam.

Mmisiri wa mawindo akhoza kudula galasi la mamilimita 6 la thanki ya msinkhu umenewu. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi silikoni. Wa kubafa ndi kukhitchini nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mankhwalawo amapha nsomba. Akamata, silikoniyo aume masiku angapo, kenako thankiyo aidzadze madzi panja n'kuisiya tsiku lonse kuti aone ngati ikudontha.

Thanki isakhale padzuwa, chifukwa madzi amasanduka obiriwira ndi ndere. Isakhalenso pafupi ndi mbaula, chiwaya cha tchipisi kapena sipika ya nyimbo.

Chisanu cha pa Lizulu

Chimene chimapangitsa kachewere ndi kabichi kuchita bwino pa Lizulu ndi chomwecho chimene chimapha nsomba za kumalo otentha. Madzi a pamwamba m'nyanja ya Malawi amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse. Kumtunda kuno, m'mwezi wa June ndi July, usiku kumatha kuzizira kufika pansi pa madigiri 10. Nsomba yozizidwa imasiya kudya, imakhala pansi, ndipo imagwidwa msanga ndi matenda a timadontho toyera ngati mchere pathupi, amene amatha kusesa thanki yonse.

Choncho hita ya m'madzi ndi yofunika, pamodzi ndi choyezera kutentha. Kawerengedwe kake kodziwika ndi wati imodzi pa lita imodzi: thanki ya malita 100 imafuna hita ya mawati 100, ndipo m'chipinda chozizira kwambiri yokulirapo. Hita isayatsidwe ili kunja kwa madzi chifukwa imaphulika.

Vuto lachiwiri ndi kuthima kwa magetsi. Hita ikazima, fyuluta ndi pampu ya mpweya zimazimanso. Wamalonda wanzeru amagula kapampu ka mpweya koyendera mabatire asanagule nsomba ina iliyonse. Magetsi akathima usiku wozizira, thanki aifunditse bulangeti, ndipo mabotolo a madzi ofunda otsekedwa bwino aziyandamitsa m'katimo. Madzi otentha asathiridwe mwachindunji. Tsiku limenelo nsomba asazidyetse. Zimatha kukhala masiku awiri kapena atatu osadya popanda vuto. Sola yaing'ono imayendetsa pampu ndi getsi, koma hita imatha batire msanga.

Madzi amafuna kukhwima

Apa ndi pamene mpamba wa ambiri umathera. Madzi oyera mbee m'thanki yatsopano amaoneka okonzeka, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zinyalala za nsomba ndi zakudya zotsala zikamaola zimatulutsa amoniya, yemweyo amene amanunkha m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja amasungunuka m'madzi ambirimbiri. M'galasi alibe kolowera, ndipo amapha nsomba ngakhale ali wochepa kwambiri.

Amene amachotsa amoniya ndi mabakiteriya abwino okhala m'siponji ya fyuluta ndi mumchenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, mchere womwe mlimi amaudziwa m'feteleza wa CAN, ndipo zomera zimaudya. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

M'masabata amenewa thanki imakhala ndi mchenga, zomera, fyuluta yoyaka usana ndi usiku, koma yopanda nsomba. Tsiku lililonse mwini wake amaponyamo kachakudya ka nsomba kochepa kuti kaziola n'kudyetsa mabakiteriya. Njira yachidule yokhayo yodalirika ndi kupempha siponji yakale kwa munthu amene ali ndi thanki yathanzi. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kuli ndi mtengo wake m'makwacha.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amapha nsomba ndi mabakiteriya omwe. Aziyamba akhala m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri, kapena athiridwe mankhwala ochotsa klorini. A pamjigo alibe klorini, koma nawo akhale kaye kuti afanane kutentha ndi a m'thanki. Siponji ya fyuluta isachapidwe pampopi. Aifinyire m'madzi otunga m'thanki momwemo.

Chenjezo lina ndi la kuno kwenikweni. Kumene kumalimidwa tomato ndi kachewere kumapoperedwa mankhwala. Cypermethrin ndi anzake amapha nsomba ngakhale atangotsalira pang'ono m'chidebe. Ndowa ya thanki ikhale yatsopano, yolembedwa, yosagwira ntchito ina. Sopo, mafuta odzola a m'manja ndi mankhwala opopera udzudzu m'nyumba nazonso ndi adani.

Thanki ikakhazikika, sabata iliyonse achotsemo gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo atsopano. Kukhuthula onse n'kutsuka miyala kumabwezera zonse pachiyambi. Madzi ochotsedwawo ndi abwino kuthirira mbewu za kudimba.

Zomera zake

Pansi pa thanki pamaikidwa dothi lopanda feteleza kapena manyowa, masentimita awiri kapena atatu, ndipo pamwamba pake mchenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino, masentimita anayi kapena asanu. Miyala aiyese ndi viniga: ikachita thovu ndiye kuti ili ndi laimu. Yotero imayenera nsomba za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimakonda madzi a pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, koma siyenera nsomba za m'mitsinje ya m'nkhalango monga neon tetra.

Chomera choyambira chabwino ndi Vallisneria, udzu wa m'madzi wa masamba aatali ngati riboni, womwe umamera m'malo osaya a m'nyanja ya Malawi momwemo. Umayala mizu n'kuphukira pambali ngati kapinga. China ndi Ceratophyllum, chopanda mizu, chomwe chimangoyandama n'kumakula msanga. Anubias, wochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi Java fern wa ku Asia ali ndi masamba olimba, safuna kuwala kwambiri, ndipo amamangiriridwa pamwala kapena pachikuni. Tsinde lake likakwiriridwa limaola. Getsi la LED liziyaka maola asanu ndi atatu patsiku. Kupitirira apo kumabala ndere.

Zomera zotengedwa kunyanja kapena kudambo zimabwera ndi nkhono ndi mazira ake, ndipo nkhono zina za m'madzi a m'dziko lino zimafalitsa likodzo. Ziziyamba zakhala m'chidebe chapadera milungu ingapo, nkhono zonse n'kuchotsedwa, wozigwira atavala magolovesi. Namasupuni, ngakhale ali ndi duwa lokongola, si wolowetsa m'malonda awa. Mtsinje wa Shire wavutika naye kokwanira, mpaka kutseka makina opangira magetsi.

Kusankha zokhalira pamodzi

Nsomba zokongola kwambiri za m'dziko lino si zonse zimene zimagwirizana ndi zomera kapena ndi zinzake. Mbuna zimadya ndere za pamiyala, zimakumba mchenga, zimazula ndi kudya masamba ofewa, ndipo zamphongo zimalimbirana malo mpaka kuphana. Woziika pamodzi ndi tinsomba tofatsa m'thanki ya zomera wagwa m'mbuna yokumba yekha. Izo zimafuna thanki yawoyawo yokulirapo, ya malita 200 kapena kuposa, yodzaza miyala ya mapanga, yamphongo imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Yofatsirako pagulu lawo ndi Labidochromis caeruleus yachikasu, ya ku Lion's Cove kufupi ndi Nkhata Bay, ndipo zomera zimene zimapirira ndi Anubias ndi Java fern.

Ana a nsomba za m'madamu nawo si oyenera. Chilunguni chimadya udzu, choncho chimamaliza zomera m'masiku ochepa. Makumba amakula n'kuchepekedwa malo. Mlamba umameza chilichonse cholowa m'kamwa mwake.

Za thanki ya zomera ndi nsomba zing'onozing'ono zofatsa. Guppy, platy ndi swordtail, zochokera ku America wapakati ndi wakumwera, zimapirira madzi a laimu ndipo zimabereka ana amoyo. Guppy yaikazi imabereka pafupifupi mwezi uliwonse. Zebra danio wa ku India ndi white cloud wa ku China zimapirira madzi ozizira a madigiri 18 mpaka 22, motero n'zoyenera kumtunda kuno kuposa zina. Corydoras ndi katimlamba kofatsa kotola zotsala pansi. Goldfish imapirira chisanu koma imadya zomera ndipo imadetsa madzi kwambiri. Ngakhale matemba a m'madambo, omwe anthu amangowadziwa ali ouma, ndi a gulu limene akunja amaweta m'magalasi: amayenda pagulu ndipo amanyezimira ngati siliva.

M'thanki ya malita 100 yokhwima, woyamba aikemo nsomba zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu zokha, kenako n'kumawonjezera pang'ono pakatha milungu iwiri iliyonse. Zoyenda pagulu zisachepere zisanu ndi imodzi za mtundu umodzi. Pulasitiki yobwera ndi nsomba iyandame m'thanki mphindi 20 isanatsegulidwe, kuti kutentha kufanane. Nsomba zatsopano zikhale kaye m'chidebe chapadera milungu iwiri, monga momwe mlimi wa nkhuku sasakaniza nkhuku yogula pamsika ndi za m'khola nthawi ya chitopa.

Chakudya chikhale chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri patsiku. Nsima, madeya ndi nyenyeswa za buledi zimaononga madzi. Thanki ikakhala pamalo ofika anthu, ikhale ndi chivundikiro, chifukwa makasitomala ndi ana amakonda kuponyamo zakudya.

Lamulo ndi kolowera madzi

Lamulo la Fisheries Conservation and Management Act la 1997 limafuna chilolezo kwa ogwira nsomba zamalonda, ndiponso kwa olowetsa kapena kutulutsa nsomba zamoyo m'dziko. Pa Lizulu, pomwe kuwoloka msewu ndi kulowa m'dziko la Mozambique, nkhani imeneyi si yakutali. Wofuna kuchita malondawa ayambe wafika ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lake, ndipo agule kwa ogulitsa ovomerezeka.

Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna. Kugwira nsomba m'madzi otetezedwa a pakiyo ndi mlandu. Chifukwa chake chilipo: mitundu ina imakhala pamwala umodzi wokha m'nyanja yonse. Chindongo saulosi ya pa Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu, inachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso kukagulitsa kwa oweta m'magalasi, mpaka anthu anachita kuiswa n'kukaibwezera.

Malire a Malawi ndi Mozambique m'dera la Lizulu amatsata msana wa mapiri. Madzi ogwa kum'mawa amatsikira ku nyanja ya Malawi, ogwa kumadzulo amalowera ku Zambezi. Nsomba yachilendo yotayidwa mumtsinje kuno ikhoza kukathera kunyanja n'kukasokoneza nsomba zimene asodzi ndi ogulitsa usipa amadalira. Nkhawa yomweyi ndi imene inachititsa boma kuletsa kuweta carp m'madamu. Wotopa ndi nsomba zake azipereke kwa woweta mnzake, osati kumtsinje.

Kuwerengera phindu

Zipangizo zambiri, monga hita, fyuluta, pampu ndi chakudya, zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata kwacha. Ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wotere anakwera nthawi yomweyo. Mtengo wofunsa mwezi watha si wodalira. Wamalonda afunse m'masitolo awiri kapena atatu ku Lilongwe kapena ku Blantyre sabata imene akukagula.

Pepala la bajeti likhale m'ndondomeko iyi: thanki ndi tebulo, fyuluta, hita, pampu ya mabatire, getsi, ndowa, zomera, magetsi a mwezi ndi mwezi, thiransipoti, ndipo nsomba kumapeto. Ndalama zikathera pakati pa mndandandawo, nsomba zidikire.

Wogulitsa tomato amadziwa kuti dengu silifika lonse lili bwino. N'chimodzimodzi pano. Akaoda nsomba 20, zinayi n'kufera m'njira, ndalama yonse igawidwe pa 16 zotsalazo, ndipo iliyonse yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Wosawerengera zimenezi amagulitsa moluza akuganiza kuti akupindula.

Ogula nawo aganiziridwe thanki yachiwiri isanagulidwe. Pa Lizulu penipeni ndi ochepa: eni malo ogona alendo ndi odyera, masukulu, ndi apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Nsomba si tomato woika pamsewu. Padzuwa m'kapulasitiki imafa m'maola ochepa. Malonda ake amayenda bwino pa oda, wogula ataona zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook n'kugwirizana tsiku lodzatenga.

Kwa wa mpamba wochepa, poyambira pabwino ndi zomera. Vallisneria ikagwira imadzaza thanki yokha, imamangidwa m'timitolo ngati mpiru, siifa magetsi akathima usiku umodzi, ndipo aliyense woyamba thanki amaifuna. Palinso ntchito yosamalira mathanki a ena: kusintha madzi, kudulira zomera ndi kutsuka fyuluta pamalipiro a pamwezi. Eni mahotela ambiri amafuna thanki yokongola koma alibe nthawi yoisamalira.

Kwa mwini lesitilanti amene akungofuna chokopa makasitomala, funso ndi limodzi: kodi pali munthu amene adzayang'ana thankiyo tsiku lililonse, ngakhale tsiku la msika pamene aliyense watanganidwa? Thanki ya madzi obiriwira ndi nsomba yoyandama chagada imathamangitsa wofuna kudya kuposa khoma lopanda kanthu.

Nthawi yabwino yoyambira kumtunda kuno ndi September kapena October, chisanu chitatha. Thanki yodzadzidwa kumayambiriro kwa September imakhala itakhwima pakati pa October, ndipo pofika June wotsatira mwini wake amakhala atadziwa madzi ake, zomera zitagwira, ndalama ya hita yachiwiri yosungira itapezeka.